Mikono Yonse Ndinaika Ine

9 Okutobala

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mawondo aja asiya kukuvutitsani. Ine kunja kuno ndili bwino, kungoti chala chimene singano inandibaya chija chikhadabo chinachoka, chikumera china chokhota. Ndalemba kalata chifukwa pafoni simumva, mumangoti eya, eya, ngakhale munthu akukuuzani kuti wadwala.

Mwezi wamawa chaka chikwana ndipo ndikubwerako. Ndakugulirani magalasi owerengera ndi bulangete lolemera. Kuno bulangete ndi lotchipa, chodula ndi tomato, mutaona kamulu kake mungaseke.

Munafunsa ngati ndaphunzira masokedwe atsopano oti ndidzadabwitse nawo anthu. Amayi, mufakitale muno palibe munthu amene amasoka malaya athunthu. Wina amasoka kolala basi, wina thumba basi, mpaka belu kulira. Ine chaka chonsechi ndi mikono. Ngakhale kutulo ndimakhala ndikuika mikono. Ndipo ili ndi mwambo wake. Mkono wa malaya uli ndi kutsogolo ndi kumbuyo, choncho odula nsalu amadulira kamodzi m'mphepete kusonyeza kutsogolo, kawiri kusonyeza kumbuyo. Ukasinthanitsa, wakumanja n'kuuika kumanzere, malayawo pahang'ala amaoneka bwinobwino, koma wovala akati akweze dzanja amamukoka kukhwapa mpaka msoko kuphulika. Sabata yanga yoyamba ndinasinthanitsa mulu wonse, kapitawo n'kundiitanira kuchipinda chosungiramo nsalu. Za kumeneko tidzakamba tsiku lina.

Tsono mundiuzireko mng'ono wanga, mzime wanuyo, poti masiku ano ndikamuimbira amati watanganidwa. Makina osokera a malemu bambo awathire mafuta, lamba ngati watha asinthe. Akumbukire kuti makinawo ndi malo anga aja pakhonde pa sitolo ndinamubwereka chaka chimodzi, inu muli pomwepo ndipo munagwedeza mutu. Ayambe kutsanzika makasitomala.

Mwana wanga Kabatani ndamugulira nsapato, ndangoyerekeza phazi. Ndamusowa mpaka mtima kuwawa.

Ndine mwana wanu woyamba.

2 Novembala

Amayi,

Kalata yanu ndalandira, ndasangalala kuti mukutha kuyenda mpaka kumsika. Ine ndili bwino.

Chiphaso changa cha ulendo andibwezera dzulo, chinali mudirowa ya kapitawo chaka chonsechi. Anati ndisaine chaka china, ndinangotenga chiphasocho n'kutuluka. Mnzanga wa bedi la pamwamba wasaina, usiku wonse analira ngati wamva uthenga wa maliro.

Koma amayi, mawu amodzi m'kalata yanu sanandigoneke tulo. Mwalemba kuti makina ndi a banja, mukafika mudzakambirane. Tidzakambirane chiyani? Pamene bambo ankamwalira makinawo anali ndi dzimbiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinawanyamula ine, ndinawakonzetsa ine. Pakhonde paja ndinayamba kukhala kulibe ndi mmodzi yemwe wondidziwa, kudikira munthu wong'ambika thalauza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nthawi imeneyo mzime wanu sankatha ndi kulowetsa ulusi pa singano pomwe. Ndinamuphunzitsa nditamugwira manja.

Ndikudziwa kuti kuyambira kale iye akalira mumathamanga, ine ndikalira mumati ndiwe wamkulu. Ulendo uno ukulu umenewo ndausiya kuno.

Ndikangofika ndidzakulemberani. Magalasi ndi bulangete ndidzapatsira dalaivala wa basi ya kwanuko.

Mwana wanu.

21 Novembala

Amayi,

Ndinafika bwino, thupi lili bwino. Ndikhulupirira katundu wanu dalaivala anakupatsani, ndipo kalata ino mukuwerenga ndi magalasi atsopano.

Nditatsika basi sindinapite kunyumba, ndinalunjika kusitolo ndi zikwama zanga zomwe. Ndinapeza mzime wanu ali pampando wanga, tepi ili m'khosi, akupalasa makina ngati anabadwira pomwepo. Chikwangwani changa chija cha diresi lobiriwira anachipaka utoto wina. Anandikumbatira ndithu, ndipo misozi inatuluka, pamenepo sindingamunamizire. Titakhala pansi ndinati, "Chabwino, Lolemba ndikhala pamalo panga."

Iye akuti, "Achemwali, pumani kaye. Ndalandira ntchito zambiri za anthu, ndimalize."

Ndinalowa mkati kukaonana ndi bambo a sitolo. Iwo osadzutsa ndi mutu womwe pa sikelo, akuti, "Mayi, ine ndimadziwa amene ndimamuona akusesa khondeli m'mawa uliwonse. Za pachibale panu mukakambirane kunyumba."

Kunyumba nako ndi chimodzimodzi. Kuchipinda akugona iye ndi Kabatani, ine ndayala pabalaza pafupi ndi njinga. Mwanayo wakula, nsapato zija sizinamukwane. Atandiona anabisala kumbuyo kwa mzime wanu. Ndinamusiya akumutchula kuti amayi aang'ono, pano aang'ono aja anagwera panjira, ndi amayi basi. Ine amandipatsa moni wogwada ngati ndine mlendo wa kutchalitchi. Tsitsi ndikati ndimupese amati mumakoka.

Ine ndemwe sindikudzimvetsa. Ndimadzuka kusanache n'kukhala tsonga kudikira belu. Chakudya ndimadya choimirira, mwamsangamsanga, mpaka Kabatani anafunsa kuti kodi akuthamangitsani ndani. Munthu akatseka chitseko kumbuyo kwanga thupi lonse limachita tsemwe.

Anthu kuno andipatsa dzina, akuti a Kunja. Dzina la a Telala lapita kwa mzime wanu. Akandifunsa za kumene ndinali ndimawauza kuti n'kwabwino zedi, magetsi sathima, makina amasoka okha, ndalama ukungotola. Ndinene chiyani nanga? Ndimanena mokweza makamaka iye akakhala pafupi, kuti adziwe kuti khonde lakelo ndi laling'ono. Amamvetsera maso ali gwa, ndipo zimenezo zimandikomera.

Mwana wanu.

10 Disembala

Amayi,

Muli bwanji? Mwati magalasi akukupwetekani pamphuno, kulungani kansalu, muzolowera. Ine ndili moyo.

Mwalemba kuti ndileze mtima, magazi ndi amodzi. Imvani tsono zimene magazi amodziwo andichita.

Loweruka lapitali khonde linadzaza. Panali amayi a kusaluni aja, mkazi wa wokonza njinga ndi ena odikira zovala zawo. Mzime wanu anadzuka kuti akamwe madzi, ine n'kukhala pampando kuti ndimalize mpendero wa siketi imene anaisiya pakati. Amayi, mapazi anga anandikana. Chaka chonse ndazolowera makina amagetsi ongoponda kamodzi. Nditati ndipalase, gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Ndinalowetsanso, ndinapalasa, n'kudukanso. Kachitatu singano inathyoka. Makina amene ndinawachotsa dzimbiri ndi manja angawa.

Iye anabwera akupukuta pakamwa, n'kunena pamaso pa anthu onse aja kuti, "Achemwali, makina athu ano ndi a anthu osauka, amafuna mapazi. Khalani apa muziika mabatani, mwina amenewo kunja sanasinthe."

Anthu anaseka mpaka amayi a kusaluni kugwira m'mimba. Kabatani nayenso anaseka. Zinazo ndikanapirira, koma mwana wanga kuseka nawo, zinandilowa mpaka m'mafupa.

Ndinakhala pa kreti ya zakumwa imene anandilozerayo, ndipo mpaka lero ndimakhala pomwepo. Ndimaika mabatani, ndimasita, akandituma ulusi ndimapita. Iye akuona ngati ndagonja, akuyenda monyang'wa, wagula ndi ndolo zomwe. Musiyeni. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chimene sakudziwa n'chakuti masana akapita kukadya ine ndimakhala pampando paja n'kumapalasa popanda ulusi. Mapazi abwerera kale, akupalasa kuposa mmene ankachitira poyamba. Sindinamuuze. Ndikunena poyera, amayi, kuti mudziwiretu: ndamusungira, ndipo tsiku lake lidzafika. Adzachoka pakhonde paja anthu akumuseka monga anandisekera ine.

Sopo kuno wakwera mtengo kawiri chibwerereni ine, ngati kwanuko ndi wotsikirapo munditumizireko.

Mwana wanu, amene mumati ndi wamkulu.

6 Januwale

Amayi,

Chaka chabwino. Ndikhulupirira chifuwa chija chatha. Ife tonse tili bwino, ine ndiye ndili bwino kwambiri, ndayamba ndi kunenepa komwe.

Mzime wanu anapeza ntchito yaikulu imene sanaionepo chibadwire. Sukulu ya kuseri kwa msika, kumene amaphunzira Kabatani, yasintha yunifolomu, ndipo aphunzitsi aakulu anamupatsa iye kuti asoke malaya a ana onse. Anavina pakhonde, bambo a sitolo n'kumukongoza nsalu mipukutu yathunthu. Patangopita masiku ochepa anaona kuti madzi afika m'khosi, sukulu ili pafupi kutsegulira koma malaya ali theka. Anabwera pa kreti yanga akuzengereza.

"Achemwali, paja munati kunja munkaika mikono?"

Ndinati, "Ine wa mabatani?"

Akuti, "Aa, zija zinali nthabwala. Ndithandizeni, ndapanikizika."

Ndinamuthandiza ndi mtima wonse. Ndinatulutsa mapepala odulira mikono amene ndinabwera nawo, ndinamuonetsa podulira kamodzi ndi podulira kawiri. Iye ankadula n'kusoka matupi m'mawa, masana n'kundisiyira makina. Atamva mmene ndikupalasira anatembenuka kundiyang'ana. Mikono yonse ndinaika ine. Ndinkaika ndikuimba nyimbo, mpaka bambo a sitolo anasuzumira pawindo n'kuti a Kunja lero mwadzuka bwino.

Kamodzi kutsogolo, kawiri kumbuyo, ndinakufotokozerani kale zija. Koma munthu wa mabatani, wosadziwa makina a anthu osauka, akhoza kusokoneza, si choncho amayi? Misoko ndinaipinda bwino n'kuisita, malaya ali pahang'ala ngati a m'sitolo yaikulu. Aphunzitsi aakulu atabwera kudzatenga anamuyamika mzime wanu pamaso pa anthu, akuti manja ake ndi odalitsika. Iye anangomwetulira, za ine osatchula ngakhale pang'ono. Ndinathokoza mumtima kuti sananditchule.

Malaya a Kabatani ndinasoka padera, madzulo ena. Amenewo ndi a mwana wanga.

Sukulu itsegulira Lolemba.

Mwana wanu.

27 Januwale

Amayi,

Ndikulemba kalata ino nditakhala pampando wanga, pepala lili pamwamba pa makina anga. Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindinakhalepo bwino chonchi chibwerereni.

Sizinatenge nthawi. Sabata yoyamba yomwe ana anayamba kudandaula kuti malaya akuwaluma kukhwapa. Mwana akati akweze dzanja kuti ayankhe funso, malaya onse akukwera mpaka mchombo kuonekera. Anyamata a mpira ndiye anabwerera kwawo mikono ikulendewera. Makolo anayamba kubwera mmodzimmodzi, kenako gulu. Mkazi wa wokonza njinga, yemwe uja anaseka nawo tsiku la mabatani, anamuponyera malaya kumaso n'kuti, "Mwana wanga akuyenda ngati nkhuku yomangidwa mapiko, utelala wake ndi umenewu?"

Mzime wanu anawatola. Ankatembenuza malaya uku ndi uku osaona cholakwa. Pomaliza anati mwina ndinadula molakwika, mapepala akunja aja sindinawazolowere. Anadziweruza yekha, ine ndili phee pa kreti, ndikuika batani.

Aphunzitsi aakulu anabwera okha, anati ntchito yonse aipereka kwa telala wa kumsika ndipo sadzamupatsanso ngakhale kansalu kopukutira bolodi. Bambo a sitolo, poona nsalu yawo yapita chonchi komanso anthu akutukwanizana pakhomo pa sitolo yawo, anamuuza kuti asadzaonekenso pakhondepo. Kenako anatembenukira kwa ine: "Mayi, inu munakhala pano zaka zambiri popanda phokoso. Bwererani pamalo panu."

Ananyamula kachikwama kake n'kudutsa pakati pa anthu aja, wina n'kumukuwiza. Ndinkayembekeza tsiku limeneli, amayi, ndipo sindinama, linanditsekemera. Chikwangwani ndapereka kale kwa wojambula kuti abwezeretse diresi lobiriwira.

Kunyumba sakudya, amangogona chopenyetsa kukhoma. Dzulo anandifunsa kuti bambo wa chikwama uja, amene amalemba anthu ntchito zakunja, amapezeka kuti masiku ano. Ndinati sindikudziwa, ndipo ndinapitiriza kusita. Zitha, ndi manyazi chabe.

Musandilembere za magazi amodzi. Anayamba ndi iye.

Mwana wanu, Telala.

15 Febuluwale

Amayi,

Kalata ino muwerenge mutakhala pansi, ndipo musaipereke kwa wina kuti akuwerengereni. Moyo tili nawo.

Mzime wanu wapita. Mwina wakuuzani kale, mwina ayi.

Lachisanu lapitalo Kabatani atabwera kusukulu ndinamutuma kuti aanule zovala pachingwe. Anapita asanavule yunifolomu. Chingwe chathu n'chachitali, mwana ananyanyamphira, manja onse awiri m'mwamba, malaya ali bwinobwino osamukoka paliponse. Mzime wanu anali atakhala pakhomo. Ndinamuona akuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anamuitana mofatsa, anamuvula malaya aja, analowa m'nyumba n'kutenga amodzi mwa obwezedwa aja. Anawatembenuza onse awiri, anatenga lezala n'kuphwasula msoko wa paphewa, uku ndi uku. Anayala pamphasa. Pepala lodulira linali limodzi, sizasi imodzi, wodula mmodzi. Kusiyana kunali kwa woika mikono.

Ndinaima ndi nsimbi m'manja kudikira kuti akuwe, aitane anthu, athamangire kwa bambo a sitolo. Mawu oti ndimubwezere ndinali nawo kale pakamwa. Iye anangoti, "A mwana wanu okha munawamvera chisoni, achemwali." Anatenga singano n'kubwezeretsa msoko wa malaya a Kabatani pamanja, kuti mwana asasowe chovala Lolemba. Sanauze munthu aliyense.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza bedi lake loyalula, tepi ndi sizasi ya bambo zili patebulo. Amayi a kusaluni ndi amene anandiuza kuti anamuona akukwera galimoto ya bambo wa chikwama pamodzi ndi atsikana ena. Akupita kufakitale komwe kuja ndinali ine. Akuti ananena kuti, achemwali anati kumeneko magetsi sathima ndipo ndalama ukungotola, ndikagwireko chaka ndidzabweze nsalu ya eni ake. Ndinathamangira kumene amaimika galimotoyo, ndinapeza mwana wogulitsa madzi basi. Foni yake ndikaimba amadula.

Malo aja ndi anga, amayi, pamenepo sindisintha mawu. Ndinkafuna achoke pakhonde, amve kusekedwa mmene kumawawira. Sindinkafuna apite kumene kuja. Kabatani sakundilankhula, amagona atakumbatira chitenje chimene iye anasiya.

Ndinakulonjezani kuti za chipinda chosungiramo nsalu tidzakamba tsiku lina. Chipindacho chilibe windo, ndipo chitseko chake amakhomera mkati. Kapitawo amaitanirako atsikana atsopano akalakwitsa ntchito, ndipo watsopano aliyense amalakwitsa sabata yoyamba. Chiphaso chako chimakhala mudirowa yake, wokadandaulira kulibe. Ine ndinalowamo kangapo. Chala chija singano inandibaya chifukwa manja ankanjenjemera nditangotulukamo. Ndinabwera kuno n'kumauza anthu kuti kunja n'kwabwino, ndikukweza mawu kuti mwana wa amayi anga amve.

Ine sangandiyankhe, koma inu adzakuimbirani akangofika, sangalephere. Ndikudziwa kuti pafoni simumva. Kulankhula ndiye mumatha. Akaimba musadikire kuti mumve zimene akunena, ndipo musati eya, eya. Muzingonena izi mobwereza mpaka foni idzaduke. Chiphaso asapereke kwa munthu. Akamuitanira kuchipinda cha nsalu apite ndi mnzake, akakana mnzakeyo akuwe. Ndalama ya ulendo wobwerera ndidzaipeza ine, ngakhale zitatengera kugulitsa makinawa.

Ndipo akamuika pa mikono, amayi, mumuuze kuti kamodzi ndi kutsogolo, kawiri ndi kumbuyo. Asasinthanitse.

Mwana wanu.